Wolawa Madzi a pa Kasupe

Kwathu munthu sangopereka chikho kwa mlendo. Amayamba wamwako yekha pang'ono mlendoyo akuona, n'kupukuta mlomo wa chikhocho ndi chikhatho, ndiye n'kupereka. Amatero ndi mowa, amatero ndi thobwa, ndipo mabanja ena, monga lathu, ankatero ngakhale ndi madzi. Timati kuchotsa ufiti. Si kuti wina amaganiza kuti mulidi ufiti. Ndi njira chabe youzira mlendo kuti chimene chikupezeni inu chayamba chandipeza ine. Mpaka lero ndimatero, ngakhale ndi madzi a m'botolo ogula pamsika. Zidzukulu zanga zimaseka, zimati agogo akuba madzi a alendo.

Ine shikola sindinapite nayo patali. Kuwerenga ndinaphunzira ndevu zitamera kale, pa buku la nyimbo lopanda chikuto ndi pa matumba a feteleza, ndipo kuchokera pamenepo palibe cholembedwa chimandidutsa mwamtendere. Ngakhale pepala lokulungira usipa ndimayamba ndaliwongola pabondo. M'mapepala otere ndi pa wailesi ndimamva kuti madzi akuvuta dziko lonse: kuti kuli mizinda ikuluikulu kumene anthu ovala bwino akuima pamzere ndi zigubu, kuti mitsinje ina yaphwa, ina aithira zoipa za m'mafakitale. Sindidabwa nazo. Chimene ndimafuna kudziwa, ndipo olembawo satchula, n'chakuti pamzerepo amayamba kumwa ndani.

Mudzi wathu unali mbali ya ku Ntengo-Wambalame, m'munsi mwa phiri, pamene kamtsinje sikankaphwa ngakhale m'mwezi wotentha. Tinkalima mbatata ya kachewere, nyemba ndi chimanga. Madzi sitinkawaganizira, monga munthu saganizira za mpweya. Nkhondo itafika, anthu amfuti amene tinkawatchula akutchire anagwira achemwali anga kudimba. Anawasenzetsa thumba la ufa, n'kuwauza kuti akatula patsogolopa abwerera. Amuna awo anadikira mvula imodzi, kenako anakakwatira kwina.

Otsalafe a boma anatisamutsa. Anatisonkhanitsa pamtunda pafupi ndi vila, kunena kuti tauni, ya Tsangano, anthu a midzi yambiri, mkati mwa ngalande imene tinakumba tokha kuzungulira. Misasa inali yothithikana moti ukayetsemula amakuyankha a nyumba yachitatu. Zimbudzi zinali pakati pa misasa pomwepo, zosazama, chifukwa ukakumba pang'ono umakumana ndi thanthwe. Mjigo wa pa shikola unali utathyoka, chitsulo chake chinali choti chichokere ku Tete, ndipo msewu wa ku Tete unali wosayendeka. Asilikali anali ndi chitsime chawo chimene munthu wamba sankayandikira. Ife tinatsala ndi kasupe mmodzi wa kudambo, kunsi kwa mtundawo, kunja kwa ngalande. Masana ankatiperekeza amilisiya, anyamata a pakati pathu pomwepo amene anapatsidwa mfuti. Dzuwa likalowa, kasupeyo ankagona yekha.

M'mawa wina akazi anapeza chitini pambali pa kasupe, ndi galu wakufa chapompo. Anaitana ine, katswiri wa zitini. Ndinachigwira ndi masamba, n'kutsokomola kaye ngati katekisita, n'kuwerenga mokweza mawu a Chiputukizi onena kuti ichi n'chiphe, ichi n'choopsa. Chigaza ndi mafupa awiri zinali zojambulidwa pomwepo, moti ngakhale mbuzi ikanawerenga, koma anthu anandimvetsera ndithu mpaka ndinamaliza. Anali mankhwala opopera mbatata. Chitinicho chinali chadzimbiri, chouma m'kati, ndipo galuyo nthiti zake zinali zowerengeka, moti mwina inamupha ndi njala. Kaya anachiika akutchire, kaya wina ankatungira n'kuchitaya, palibe anadziwa. Ndinanena za dzimbirizo, koma mawu anga oyamba anali atalowa kale m'makutu, achiwiriwa anapeza malo atadzaza.

Tinakapa kasupe yense, matope omwe, madzi atsopano n'kubwera. Funso linatsala: nanga mawa, nanga mkuja, tidziwa bwanji kuti sanabwerenso? Choyamba tinkamwetsa galu n'kudikira. Agalu atatha tinkamwetsa nkhuku. Nkhuku nazo zinalowa m'miphika ya asilikali.

M'nyengo imeneyo ndi pamene achemwali anatulukira. Anachokera mbali ya ku Macanga, cha ku Chidzolomondo, wapansi, mapazi ataphulika, kumsana kuli kamtsikana kobadwira kutchire komweko. Asilikali anawasunga kaye n'kuwafunsa zimene ankafunsa obwera kutchire onse, kenako anawapereka kwa ine. Ndinali wamng'ono kwa iwo, koma amalume athu anali atamwalira, ndiye mwini mbumba ndinali ine. Za bambo wa mwanayo palibe anafunsa pamaso pawo. Kumbali ankafunsana tsiku lonse.

Woyang'anira dera lathu la misasa tinkati a sekeretariyo. Nkhondo isanayambe anali mmisiri wa zitseko, munthu woseka, ndipo chitseko cha nyumba yanga yakale anakhoma ndi iwo. Amayi awo anatenthedwa m'nyumba ndi akutchire. Ndikunena izi kuti musaganize kuti anali chilombo. Anaitanitsa msonkhano, n'kuima pachulu.

"Makamarada, mwambo tonse tikuudziwa," anatero. "Wopereka chikho ndiye amayamba kulawa. Madziwa akutikonzera ndi akutchire. Eni akewo sitingawaitane kuti adzalawe. Koma munthu wawo ali pano. Wadya nawo, wakhala nawo, umboni wake ndi uwo uli kumsanawo."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Ine ndinaimirira.

"A sekeretariyo, awa ndi mbumba yanga. Ngati pakufunika wolawa, ndizilawa ine."

"Iwe ukafa, zitini azitiwerengera ndani? Khala pansi."

Apa anaseka onse. Achemwali anandikoka malaya kumbuyo.

"Khala pansi iwe," anatero chapansipansi. "Ndamwapo zoposa apa."

Ntchito yake inkayenda chonchi. Dzuwa likatuluka amilisiya ankatsegula pachipata, akazi n'kutsetsereka pamzere ndi ndowa zawo, achemwali patsogolo patali ndithu, kuti ngati m'njira akwiriramo bomba liyambe lapeza iwo. Pofika pakasupe ankatunga chikho chodzaza, n'kumwa mpaka pansi, n'kuchivundikira kuti onse aone kuti simunatsale. Kenako ankakhala pamwala wathyathyathya. Pafupi panali chitsa cha bulugama, ndipo lamulo linali loti tidikire mpaka mthunzi wa chitsacho uchoke pamwalapo. Ukachoka, wamilisiya ankawauza kuti aimirire, azungulire kasupe, atulutse lilime. Akaona kuti sakudzandira, ankakweza dzanja, akazi n'kuyamba kutunga. Ine ndinkaona zonsezi chifukwa anandipatsa ntchito yochotsa matope pakasupepo ndi fosholo.

Chimene chimandivuta kufotokozera ana a masiku ano n'chakuti pamaloponso pankasekedwa. Panali mayi wina wa m'mudzi mwathu, amake mapasa, amene anakula limodzi ndi achemwali, anavinidwa limodzi, ankatchulana mnzanga. Ameneyo ndiye anali woyambitsa.

"Akoma bwanji lero, mnzanga?"

"Mchere wachepa," achemwali ankatero, akupukuta pakamwa.

"Ngati ukufa fulumira, ife tasiya ana akulira."

"Ndikafa usatenge ndowa yanga. Imadontha."

"Ndiitenga yomweyo. Chitenje chakocho ndiye ndisiyira agalu."

"Agalu ake ati? Si munamaliza?"

Akazi ankaseka mpaka kugwirana mapewa, maso ali pa mthunzi. Ena ankawapatsira achemwali nyemba pang'ono madzulo, mobisa. Tinazolowera. Munthu amene sanafe dzulo ndi dzana umaiwala kuti wamuika pamalo oti afe. Ngakhale ine ndinayamba kumaona kuti mthunziwo ukuchedwa.

Kenako mvula inakana. Chimanga chinapsa chisanamasule, dambo linang'ambika, kasupe anabwerera pansi. Ndinkakumba, iye n'kumathawa. Mapeto ake linali dzenje lozama ngati msinkhu wanga, lotsikira pa makwerero, madzi akusonkhana pansi pang'onopang'ono, akazi n'kumatunga chikho chimodzichimodzi mpaka dzuwa kupendeka. Mtundu wake unali wa thobwa, ndipo anali ndi kafungo. Ndili pansi pa dzenjelo ndinkaona pamene madzi ankanjenjera. Ankachokera mbali ya kumtunda, kumene tinkakhala, kumene kunali zimbudzi zathu ndi manda atsopano.

Ana anayamba kutsegula m'mimba. Infirimeyiro wa pa kachipatala kamene tinkati posto, namwino wamwamuna wochokera kutali kugombe amene Chichewa chake chinali chotsimphina, ankayenda m'misasa kunena kuti madzi tiziwiritsa. Koma tiwiritse ndi chiyani? Mitengo ya mkati mwa ngalande inali itatha mpaka zitsa. Ya kunja inali pakati pa mabomba. Mapesi ndi zitsononkho zimene munthu wapeza ankasungira kuphikira kamodzi patsiku. Ndiponso anthu anali ndi yankho limene ankaliona lokwanira: tiwiritsirenji madzi olawa kale? Pakhoma la posto panali chithunzi cha mayi akuwiritsa madzi, ndi mawu pansi pake. Ine mawuwo ndinawawerenga kangapo, ndinawawerengeranso ena mokweza, kenako n'kupita kunyumba kukamwa madzi osawiritsa ngati wina aliyense.

Achemwali okha ndiwo ankawiritsa, ndipo si awo, koma a mwana. Anali ndi kachitini ka mkaka kakale. Ankatola ndowe zouma, timitengo, zitsononkho zogwa m'mitolo ya anthu, ndipo masiku ena ankagona osaphika kuti moto upite pa kachitinipo. Iwo m'mimba munkawapota nthawi zina, koma ankapirira.

"Kutchire ndinaziona izi," anandiuza tsiku lina akukupiza moto. "Chiphe cha m'chitini chimakugwetsa pomwepo. Ichi china chimayamba chakupatsa moni, n'kupita, n'kudzabwera mkuja. Mthunzi wa chitsa sungachigwire."

"Ndiye bwanji simuwauza?"

"Ndimawauza. Amati iwe bwanji ukumwa."

Kamtsikanako kanali katayamba kuthamanga ndi kutchula mawu ochepa. Ine kankanditchula kuti lume. Kakandiona ndili ndi buku langa la nyimbo kankalilanda, n'kukhala pansi miyendo tambalale, buku chadodolido, n'kumang'ung'udza ndi nkhope yolimba. Mkazi wanga ankati kakuwerenga chimodzimodzi ndi ine, kusiyana kwake n'kwakuti iko sikatsokomola. Pakati pa ana onse a m'misasa, iko kokha ndiko kanali ndi masaya.

Mapasa aja anamwalira motsatizana, wina maliro a mnzake asanazizire. Achemwali anapita kukakhuza, anakhala pakhomo, mnzawoyo sanawayang'ane. Atatha masiku okhala m'nyumba, amake mapasa anabwereranso pamzere. M'mawa umenewo sanafunse ngati madzi akoma. Achemwali anamwa, anakhala pamwala mwana ali pamwendo, mthunzi unachoka, wamilisiya anakweza dzanja. Amake mapasa anaika ndowa yawo pansi.

"Ine sinditunga," anatero. Sanakweze mawu. "Uyu akumwa tsiku ndi tsiku, sakufa. Anga afa. Afa a kwa uyu, afa a kwa uyo. Wake uyo, taonani masayawo."

"Mnzanga," achemwali anayamba.

"Usanditchule choncho. Anakudyetsa mankhwala kutchire, chiphe sichikugwira. Kapena chiphe chake n'cha ana okha. Ife timadikira munthu wamkulu pamwala, pamene akufa ndi ana. Wamkulu azilawira akulu. Mwana azilawira ana."

Ine ndinali pansi m'dzenje, ndinatuluka fosholo ili m'manja.

"Si chiphe," achemwali anatero. "Ndi zimbudzi zathu zomwezi. Funsa achimwenewa, amaona kumene madzi akuchokera. Wangayu ndimamuwiritsira, basi, palibe mankhwala. Bwera kunyumba ndikuonetse kachitini kake."

"Umamuwiritsira."

"Eya."

"Ndiye umadziwa. Umadziwa kuti madziwa ndi oipa, n'kumazungulira kasupe, n'kumatulutsa lilime, ife n'kumatunga."

"Ndinakuuza. Ana ako asanadwale ndinakuuza."

"Unandiuza ukumwa."

Akazi ena amene anaika ana anayamba kuvomereza. Wamilisiya anatuma mnzake kukaitana a sekeretariyo. Atamva mbali zonse anakanda m'mutu nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti sanakondwe nazo. Koma kutsogolo kwawo kunali amayi ambiri ofedwa, ndipo mbali inayi kunali mkazi mmodzi wobwera kutchire.

"Mawuwa ali ndi nzeru," anatero. "Mwanayo azilawa."

Achemwali anagwada m'matope. Kuchokera tsiku limene anabwera sindinawaonepo akupempha kanthu kwa munthu.

"Abambo, amwe, sindikukana. Koma ndiloleni ndiyambe ndawiritsa. Ndiwiritsira pompano, inu mukuona."

"Ukawiritsa ndiye walawa chiyani?"

Ndinalankhula ine. Ndinanena za infirimeyiro, za chithunzi cha pakhoma, za mbali imene madzi akunjenjera. Ndinati ngati pakufunika wamimba yofewa ndizimwa zikho ziwiri ine. A sekeretariyo anandiyang'ana motopa.

"Ana ako amamwa madziwa osawiritsa?"

"Amamwa."

"Nanga wa achemwali akoyu ndi wa golide? Bwerera m'dzenje."

Masana ndinathamangira kwa infirimeyiro. Anapita kukalankhula ndi a sekeretariyo, koma anamuuza kuti za m'posto n'zake, za chitetezo n'zawo, ndipo mlendo amene akuteteza kwambiri munthu wakutchire amafunika kumufunsa bwino. Anabwerera ku posto, sanatulukenso pa nkhaniyi.

Koma chikho choyamba chinali chitamwedwa kale m'mawa womwewo. Wamilisiya anatunga, n'kupereka kwa mwana. Iko kanali ndi ludzu, chifukwa madzi a m'kachitini sankakwana, ndipo chikho chachikulu cha amake kankachisirira kuyambira kale. Kanagwira ndi manja awiri, n'kumwa mpaka madzi kutsikira pachifuwa. Kenako kanachita zimene kankaona kunyumba. Kanapukuta mlomo wa chikho ndi kachikhatho kake, n'kuyang'ana woti kamupatse, n'kutambasulira amake mapasa, amene anali pafupi. Iwo anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri.

Popeza mthunzi unali utachoka kale, anadikira mongoyerekeza. Mwana ankaponya timiyala m'ndowa za anthu. Atamuuza kuti atulutse lilime anatulutsa mokondwa, n'kupitiriza kutulutsira aliyense. Wamilisiya anakweza dzanja, ndipo akazi anatunga mitima ili pansi kuposa masiku onse.

Zinapitirira choncho m'mawa uliwonse. Achemwali akabwerera ankapita ndi mwana kuseri kwa msasa, n'kumupisa chala kukhosi kuti asanze. Mwanayo sankamvetsa. Pakasupe anthu ankamusekerera n'kumupatsa madzi ambiri, kunyumba amake ankamupweteka. Anayamba kuthawa amake, akawaona akubwera ankabisala kumbuyo kwa miyendo yanga. Achemwali ankamukoka ndithu, nkhope ili gwa, ndipo akamaliza ankakhala pansi kuyang'ana manja awo.

Malire a Malawi sanali kutali, munthu wamphamvu ankafika dzuwa lisanapendeke. Koma wochoka popanda chilolezo ankamuyesa wopita kutchire, ndipo otsala a m'nyumba mwake ndiwo ankayankha. Mkazi wanga anati pitani, ine ndiyankha. Ndinaganiza zodikira tsiku limene osenza mbatata ankaperekezedwa kumsika wa kumalire, kuti tilowe pakati pawo. Tsikulo lisanafike, mwana anayamba kutsegula.

Mbiri inathamanga m'misasa monse kuti wolawa wamng'ono wadwala, chiphe chapezeka. Tsiku lomwelo anthu anayamba kuwiritsa madzi. Anazula zitseko, anathyola mipando ndi mabedi, ena anasasula mbali ya denga. Utsi unakwera pamtunda wonse. Zimene infirimeyiro analephera ndi pakamwa pake ndi chithunzi chake, kamwanako kanazichita ndi mimba yake. Ndinamva pambuyo pake kuti maliro a ana anachepadi. Alipo mpaka lero amene amati njira yolawa inagwira ntchito.

A sekeretariyo anabwera okha pamsasa pathu. Anasuzumira mwana ali pamphasa.

"Asapitenso kukasupe," anatero. "Ntchito yake wagwira. Koma amakewa mawa tikumane m'mawa monga mwa masiku onse."

Ku posto kunalibe mankhwala. Infirimeyiro anatiuza zomupatsa madzi owiritsa a mchere pang'ono, ndipo tinkamupatsa, koma ankatuluka msanga kuposa mmene ankalowera. Anatinong'oneza kuti kutsidya kwa malire kuli chipatala chimene amaika madzi m'mitsempha.

M'mawa mwake achemwali anapita kukasupe, anamwa chikho chawo, anakhala pamwala mpaka mthunzi unachoka, anatulutsa lilime. Atabwerera anandiberekesa mwana kumsana, chifukwa iwo mphamvu zinali zitatha. Tinadutsa pachipata dzuwa likuswa mtengo, popanda osenza mbatata, popanda chilolezo. Wamilisiya wa pachipata anali yemwe uja anatunga chikho choyamba. Atationa anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato, ndipo anamanga mpaka tinapitirira.

Tinayenda m'njira za ng'ombe, ine patsogolo, kuponda pamene ziboda zaponda. Timitsinje tonse tinali mchenga. Madzi owiritsa a m'kachitini tinkamunyowetsa nawo milomo mpaka anatha. Poyamba ankalira, kulira kopanda misozi. Kenako anasiya. Ndinkamumva akupepuka kumsana, ngati ndabereka chitenje chokha. Ndinkamuimbira nyimbo za m'buku lija, mawu anga oipawa, kuti mwina adandaule, koma sanadandaule. Achemwali ankabwera pambuyo, dzanja lawo lili pa phazi lake.

Nyumba yoyamba ya mbali ya Malawi inali yaudzu, pakhomo pali mayi wachikulire akusola nyemba. Atationa sanafunse kuti ndife ndani kapena tachokera kuti. Anthu otere anali ataona ambiri. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikho chodzaza, madzi oyera mbee moti pansi pa chikho pankaoneka. Anagwada, anamwako pang'ono, anapukuta mlomo wa chikho ndi chikhatho, n'kupereka kwa achemwali.

Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali osachilandira.

"Ndi a pamjigo, amayi," mayiyo anatero. "Landirani. Mwanayo ayambe."

Ndinamasula mwana n'kumuika pamiyendo ya amake. Achemwali anamudzutsa mutu n'kuika chikho pamlomo. Madzi analowa pakamwa, n'kutulukira m'mbali, n'kutsikira m'khosi. Anayesanso. Mayi uja ndiye anayamba kuzindikira. Anatenga chikho m'manja mwa achemwali mofatsa, n'kuchiika pansi, n'kumasula chitenje chake chapamwamba, n'kuchiyala pakhonde.

Tinamuika m'manda a anthu osawadziwa. Akazi a m'mudzimo anamusambitsa ndi madzi a pamjigo, ndowa zodzaza, ambiri kuposa onse amene anawaona ali moyo. Achemwali anaima pambali kuyang'ana madziwo akuyenda pansi n'kulowa m'dothi.

Tinakhala ku Malawi mpaka nkhondo inatha. Mkazi wanga anayankhadi mafunso, anagona masiku angapo kwa asilikali, kenako ananditsatira ndi ana. Titabwerera kwathu tinapeza kamtsinje kathu kakuyenda ngati palibe chinachitika. A sekeretariyo anabwerera ku zitseko zawo. Amake mapasa anamanga tsidya lina la kamtsinjeko, anaberekanso ana ena, ndipo ankakumana ndi achemwali ku tchalitchi ndi kuchigayo, n'kumapatsana moni monga anthu achitira.

Tsiku lina, ine ndilipo, anabwera kwa achemwali ndi lichero la nyemba. Anakhala pamphasa, anafunsa za mthupi, za kumunda, kenako anati:

"Mnzanga, ndakhala ndikufuna kunena. Mwana wako uja anatipulumutsa. Akanapanda iye, bwenzi ana atatha pamtunda paja."

Ankanena ndi mtima wonse, misozi ili m'maso. Anabwera kudzathokoza.

"Ndamva," achemwali anatero.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikho cha madzi, poti mlendo anayenda padzuwa. Sanamweko. Anachiika pansi, pakati pa iwo ndi mlendoyo, n'kubwerera pamalo pawo. Amake mapasa anadikira pang'ono, anayang'ana chikho, anayang'ana achemwali. Kenako anatsanzika, chikho chili chodzaza.

Kuyambira pa malire paja achemwali sanalawirenso munthu aliyense, kaya thobwa, kaya mowa wa pamaliro, kaya madzi. Alendo osadziwa ankachoka akunena kuti mayi uja alibe mwambo. Ngakhale ine, mlongo wawo, ndikapita kukawaona mpaka m'ukalamba wawo, ankaika chikho pansi n'kuchikankhira kwa ine ndi nsonga za zala.

"Madzi awo," ankatero. "Za m'kati mwake ine sindikudziwa."